Inkazima Yokha Pakati pa Ukwati wa Eni Ake

Ntchito yanga ndi yojambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo aliyense wa ntchito imeneyi akudziwa kuti ndalama zathu zili m'chilimwe. Anthu akakolola n'kugulitsa, makadi a ukwati amayamba kuyenda, Loweruka lililonse holo imakhala yodzaza. Tsoka lake, nyengo yomweyo ndi imene dzuwa la ku Liwonde silichitira munthu chisoni. Mu Okutobala, muofesi yanga ya denga la malata lopanda siling'i, ngakhale mpando umawotcha.

M'mwezi woterowo ndi mmene laputopu yanga inayamba khalidwe lachilendo. Ndinali nditamaliza kudula vidiyo ya ukwati wina, perekaniperekani yense ndamusiya momwemo monga eni ake anapemphera, kuti aliyense amene anavina ndi ndalama m'manja adzione. Ndikangoiuza kuti irende, kutanthauza kuti itulutse vidiyo yomalizidwa kukhala fayilo imodzi, fani inkayamba kulira, kulirako n'kumakwerakwera, ntchito n'kumayenda mochedwa kusiyana ndi kale. Kenako phi! Sikirini ya buluu ija yolemba zifukwa sinkabwera n'komwe, inkangozima basi. Kuiyatsa nthawi yomweyo inkakana. Ndikaisiya kaye n'kupita kukamwa madzi, pobwera inkayaka bwinobwino.

Uku foni ya ankhoswe siikupuma. "Achimwene, filimu ija bwanji? Akuchikazi ena akubwerera ku Joni Lamlungu, akufuna apite nayo."

Malangizo ndiye anabwera ambirimbiri. Wina akuti ndi vayirasi, ifomateni. Wina akuti onjezerani RAM. Wina akuti za ex-UK ndi choncho, yatopa imeneyo, gulitsani isanakufereni m'manja. Mnzanga wina anangoseka, amvekere mwina kubanja la eni ukwati kuli munthu amene sakufuna kuti vidiyoyo ituluke.

## "Fani ikulira, koma mphepo ili kuti?"

Ndinapita nayo ku Zomba, kwa madala ena amene anayamba kalekale ndi mawailesi asanafike ku makompyuta. Ndinkayembekezera kuti atenga sikuludiraiva nthawi yomweyo, koma anayamba ndi mafunso.

"Mukamalemba kalata imazima?"

"Ayi, bambo."

"Nanga usiku?"

Apa ndinakhala kaye chete. Usiku inkapirira nthawi yaitaliko.

Anatenga fulashi, n'kuyatsa kapulogalamu kaulere kotchedwa HWMonitor, kamene kamawerenga kutentha kwa mkati mwa purosesa, ubongo wa kompyuta. Laputopu isakuchita chilichonse inali kale pa madigiri oposa 65. Anati, "Yambitsani ukwati wanu uja." Manambala anayamba kukwera tikuona: 85, 92, 97, 99. Pamzere wina wa pansi pake, liwiro la purosesa linagwa mpaka 800 MHz. Fani inali ikulira mmene inkalirira kwathu.

"Ikani dzanja apa," anatero akuloza timabowo ta m'mbali potulukira mpweya.

Ndinaika. Pulasitiki inkawotcha, koma mphepo imene inkafika pachikhatho inali yochepa kwambiri, yosatha ngakhale kugwedeza kapepala.

"Mwamva? Fani ikulira, koma mphepo ili kuti?"

Funso limeneli ndi limene silinandichoke mpaka lero. Ine ndikamva phokoso la fani ndinkati makina akuziziritsidwa mwamphamvu, pamene phokosolo linali la fani yozungulira pachabe, ikukankha mpweya pakhomo lotseka.

Atatsegula pansi n'kuchotsa fani, pakati pa faniyo ndi timapepala tachitsulo ta heatsink, chitsulo chochotsa kutentha pa purosesa, panali chinthu chotuwa, chopanikizana, chotseka njira yonse kuyambira uku mpaka uko. Anachikoka ndi kapani, chinatuluka chathunthu osaduka. Munali fumbi lathu lofiira lija, ulusi wa kapeti, ndi ubweya woyera wautaliutali. Madala anachiyang'anitsitsa pa kuwala kwa zenera.

"Amene anali nayo poyamba anali ndi mphaka. Mwagula laputopu pamodzi ndi mphaka wa ku Ulaya, achimwene, ndipo wakhala nanu nthawi yonseyi."

Kenako anamasula heatsink. Thermal paste, phala lopakidwa pamwamba pa purosesa kuti kutentha kudutse bwino kupita ku heatsink, inali itauma n'kung'ambikang'ambika ngati dothi la m'dambo mvula isanagwe. Anapukuta, anaika yatsopano, anamanga. Titarenda vidiyo yomwe ija pa benchi lomwelo, kutentha kunakaima cha m'ma 80, liwiro silinatsike, ndipo mphepo yotentha inkawomba dzanja bwinobwino. Ukwati unatuluka wonse. Palibe chipangizo chilichonse chimene chinasinthidwa.

## Ulendo wa kutentha

Purosesa yeniyeniyo ndi kachidutswa ka silicon kongokwana pansonga ya chala. Magetsi onse amene kamadya amathera pa kutentha, palibe kwina kumene amapita. Purosesa ya laputopu wamba imatulutsa mawati 15, za malaputopu amphamvu zimafika 45, za desktop zambiri ndi 65, ndipo zikuluzikulu za masiku ano zikapanikizidwa zimadutsa mawati 200. Manambalawa akuoneka ochepa mukawayerekeza ndi mbaula ya magetsi, koma kumbukirani kuchepa kwa malo amene kutenthako kukutulukira.

Kutenthako kumayenera kuyenda ulendo mpaka kutuluke kunja. Kuchoka pa silicon kumadutsa mu thermal paste, kulowa m'kachitsulo ka kopa, kenako m'kachubu kophwatalala ka kopa kotchedwa heat pipe, kukafika pa timapepala tija, pomwe fani imakuuluzira m'chipinda. Pakangotsekeka pamodzi, kwina konseko ngakhale kukhale kwatsopano sikuthandiza.

Heat pipe ndi imene inandidabwitsa. Ndinkayesa ndi chitsulo chabe, koma mkati mwake muli mphako, muli timadzi pang'ono, ndipo mpweya anaupopamo asanatseke. Popeza mulibe mpweya, timadzito timawira msanga, nthunzi n'kuthamangira kumbali yozizira, kumeneko n'kusandukanso madzi, n'kubwerera kudzera m'khoma la mkati mwa chubucho. Zimangozungulira choncho popanda pampu. Ndiye chifukwa chake chubu chimenechi sichifuna kupindidwa kapena kubooledwa. Chikaphwa, mbali ya ku purosesa imawotcha koopsa pamene mbali ya ku fani ili yozizira, ndipo mankhwala ake ndi kusintha heatsink yonse.

Chinthu china chimene ife a kumadera otentha tiyenera kuchimvetsa n'chakuti fani siipanga kuzizira. Imangosamutsira kutentha mumpweya wa m'chipinda momwe muli. Tiyerekeze kuti makina anu akapanikizidwa amakwera madigiri 55 pamwamba pa kutentha kwa m'chipinda. M'chipinda cha madigiri 20 adzaima pa 75. Muofesi ya malata ya madigiri 38, makina omwewo, oyera bwinobwino, adzafika 93. Apple amalemba kuti malaputopu awo azigwira ntchito pamalo a madigiri 10 mpaka 35, ndipo opanga ena ambiri malire awo amathera pa 35 pomwepo. Ku Liwonde, ku Mangochi, ku Salima, makamaka ku Chikwawa ndi Nsanje komwe kumadutsa 40, masana a Okutobala ndi Novembala timakhala tadumpha kale malirewo tisanayatse n'komwe makina. Laputopu imene inkapirira ndi ubweya wa mphaka m'nyumba yozizira ya ku Manchester siingapirire nawo m'chigwa cha Shire.

## Chimene chimafa si purosesa kawirikawiri

Mu 2001, a Tom's Hardware, webusaiti ya nkhani za makompyuta, anajambula kavidiyo kamene kanatchuka kwambiri pakati pa okonda makompyuta. Ankachotsa heatsink makina akugwira ntchito kuti aone chimene chichitike. Purosesa ya Intel yotchedwa Pentium III inangouma koma sinapse. Pentium 4 inachepetsa liwiro yokha n'kupitiriza ntchito mwaulesi, atabwezera heatsink n'kuyambiranso kuthamanga. Athlon ya AMD inafuka utsi m'masekondi ochepa, n'kuthera pomwepo.

Masiku amenewo anapita. Purosesa za lero, za Intel ndi za AMD zomwe, zili ndi zoyezera kutentha mkati mwake. Zikayandikira malire, amene kwa za Intel zambiri ndi madigiri 100, zimayamba zadzichepetsera liwiro. Zikaona kuti sizikuthandiza, zimadula magetsi. Kugwa kwa liwiro kuja mpaka 800 MHz, ndi kuzima kuja kopanda uthenga, inali purosesa ikudzipulumutsa. AMD mpaka anapanga purosesa ya Ryzen 7000 kuti izikwera dala kufika madigiri 95 ikakhala pa ntchito yolemetsa, ndipo amati ndi mmene iyenera kukhalira. Choncho kuona 90 pamene mukurenda si chifukwa chothamangira kwa okonza. Ine chimene ndimayang'ana ndi ziwiri: kodi liwiro likugwa, nanga makina akangokhala osachita kanthu ali pa madigiri angati? Laputopu yongokhala ikamasewera pa 40 mpaka 55, zili bwino. Ikamakhala pa 70 isakugwira ntchito, mkatimo muli nkhani.

Apa ndi pamene ndimadandaula ndi ndalama zimene anthu amataya. Kompyuta yodzichepetsera liwiro chifukwa cha kutentha imaoneka ndendende ngati yogwidwa ndi vayirasi kapena yokalamba. Munthu amalipira kufomata, amataya mafayilo, amagula RAM, ena amaigulitsa motchipa kwa munthu amene akaitsegula n'kupemerera fumbi, mawa lake n'kuiika pashelefu pamtengo wowirikiza.

Koma musamve ngati kutentha kulibe vuto poti purosesa imadziteteza. Zimene zaizungulira zilibe chitetezo chotere. Batire la lithium likamakhala pamoto limatha msanga, mwinanso kufufuma mpaka kukankha touchpad. Fani yozungulira mothamanga tsiku lonse imadya bering'i yake. Choopsa kwambiri ndi timfundo ta solder tolumikiza chip ku bolodi. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera, ndipo zikamachitika mobwerezabwereza timfundoto timayamba ming'alu.

Makampani akuluakulu analipira zambiri pa nkhani yomweyi. Xbox 360 ya Microsoft, makina osewerera magemu, inkafa ndi magetsi atatu ofiira kutsogolo, chifukwa cha malumikizidwe a chip ya zithunzi amene ankaduka ndi kutentha ndi kuzizira kobwerezabwereza, ndipo mu 2007 kampaniyo inapatula ndalama zoposa 1 biliyoni ya madola kuti ikonze makinawo, n'kutalikitsa waranti kufika zaka zitatu. Mu 2008, Nvidia, kampani yopanga ma chip a zithunzi, inavomera kuti ma chip ake ena a m'malaputopu ankafa msanga pa chifukwa chofanana, ndipo malaputopu a HP, Dell ndi Apple anakhudzidwa. Amene munkagula malaputopu a kaunjika zaka zimenezo mukukumbukira aja oyaka magetsi, fani ikuzungulira, koma sikirini ili bii.

## Nsalu, matiresi ndi kabati

Ife timakonda kufunditsa zinthu zamtengo. TV ili ndi kansalu kake, wailesi ili ndi kake, ndiye kompyuta ingatsale bwanji? Ndi fumbi la chilimwe, ndi akamvuluvulu aja olowa mpaka m'nyumba, kufunditsako n'koyenera ndithu, bola makina akhale ozimitsa. Vuto ndi pamene nsalu yasiyidwa pomwepo makina akuyaka, itagwera kumbuyo kotulukira mpweya. M'maofesi ambiri ndimaonanso desktop itatsekeredwa m'kakabati ka pansi pa desiki, chitseko chotseka poopa akuba kapena ana. Mpweya wotentha umene yatulutsa ndi womwewo umene ikukokanso. Ina imakhala pansi penipeni pa simenti, pomwe tsache la m'mawa uliwonse limaithira fumbi. Kungoikweza pa tebulo kumachepetsa fumbi lolowa.

Malaputopu ambiri amakoka mpweya kuchokera pansi. Ophunzira a m'mahositelo amene desiki yawo ndi bedi, dziwani kuti matiresi ndi bulangeti zimatseka timabowo timeneto, komanso fani imakoka ulusi wa bulangetilo n'kukaunjika pamalo paja panali mphaka wanga. Thabwa, thireyi, ngakhale buku lalikulu lachikuto cholimba ndi zokwanira. Pa tebulo, kukweza kumbuyo kwa laputopu pang'ono kuti mphepo izidutsa pansi kumatsitsa madigiri angapo osalipira kanthu. Chinanso ndi chikwama. Kutseka chivundikiro sikuzimitsa makina, ndipo nthawi zina amadzuka okha ali m'chikwama chotseka zipi, mukafika kumene mukupita n'kupeza chikwama chonse chikuwotcha. Paulendo wautali, zimitsani kwenikweni.

Za ma cooling pad, zoikapo laputopu zija zokhala ndi mafani ndi magetsi a buluu, maganizo anga ndi akuti amathandiza pang'ono makina amene mkati mwake ndi moyera. Ngati njira yatsekeka mkati, mwangowonjezera phokoso. Ndalama imeneyo kuli bwino ipite kwa munthu woti atsegule n'kuyeretsa.

Ine kurenda ndinakusamutsira usiku ndi m'mamawa m'miyezi yotentha. Ntchito ikakhala yoti siingadikire, pali njira ina mu Windows: mu Power Options muli mzere wa Maximum processor state. Mukautsitsa kuchoka pa 100 kufika pa 99, pa makina ambiri purosesa imasiya kudumphira pa liwiro lake lapamwamba la turbo. Ntchito imachedwerako, koma kutentha kumatsika kwambiri, ndipo vidiyo yochedwa ndi mphindi zingapo imaposa yozimira pakati.

## Mukafuna kuitsegula

Kupemerera mphepo kuchokera kunja sikuchotsa chinthu chopanikizana ngati chija. Mwina chimangosunthira mkati n'kukakola fani. Pamafunika kutsegula, kuchotsa fani, n'kuyeretsa timapepala tachitsulo mbali ya mkati. Musanakhudze kalikonse, zulani chaja ndipo mumasule waya wa batire pa bolodi. Popemerera ndi blower, gwirani fani ndi chala isazungulire, chifukwa ikazunguliridwa mopitirira liwiro lake bering'i imawonongeka. Mpweya wa pakamwa uli ndi malovu. Wa kompuresa ya matayala nthawi zambiri umabwera ndi madzi ndi mafuta, komanso mphamvu yake imatha kuthyola mapiko a fani. Kabulashi kofewa kopentera kamagwira ntchito yabwino kuposa zonsezi.

Thermal paste anthu ambiri saimvetsa. Pamwamba pa purosesa ndi pansi pa heatsink pamaoneka posalala, koma pali timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo zitsulo ziwirizi zikakumana m'timaenjemo mumatsala mpweya. Mpweya ndi woipa kwambiri podutsitsa kutentha: kopa amauposa kopitirira ka 10,000. Ntchito ya paste ndi kungodzaza timaenjeto. Iyoyo payokha siifika n'komwe pafupi ndi kopa, choncho kuthira yambiri sikuwonjezera kanthu. Pa desktop, kadontho kamodzi pakati kamakwana, heatsink ikamangidwa imakafalitsa yokha. Pa laputopu, pomwe silicon ili poyera, pakani mopyapyala kuti paliponse pakhudzidwe. Yakale ipukuteni yonse ndi isopropyl alcohol ndi kansalu kosasiya ulusi. Ndipo mukangonyamula heatsink, ngakhale mongosuzumira, paste yakaleyo yatha ntchito, pamafunika yatsopano.

Ndamvapo anyamata ena akunyadira kuti amaika mankhwala otsukira mano. Tsiku loyamba manambala amaoneka abwino chifukwa mankhwalawo ali ndi madzi. Madziwo akauma, chotsala ndi ufa, ndipo mwini makina amakhala atafika kale kwawo.

Pomanga, tsatirani manambala olembedwa pa heatsink, 1, 2, 3, 4, kumanga pang'onopang'ono mopingasa kuti ikhale mofanana mbali zonse. Pa desktop za Intel zokhala ndi fani yobwera nayo, timiyendo tinayi tapulasitiki tija timathyoka kapena kumasuka, makamaka makina akayenda pa minibasi kapena pa kabaza m'misewu yathu ya mabampu. Kamwendo kamodzi kakamasuka, heatsink imapendekeka ndipo makina amazima patangopita mphindi zochepa chiyatsireni. Desktop ikayamba kuzima yokha mutangosamuka nyumba, yambani kuyang'ana pamenepo. Pa za AMD za soketi ya AM4 samalani china: paste youma imamata purosesa ku heatsink, mukakoka mwamphamvu imazuka yonse m'soketi mapini n'kupindika. Yatsani makina kaye atenthe pang'ono, muwazimitse, kenako potokolani heatsink uku ndi uku musanainyamule.

Kwathu kuno kuyeretsa kamodzi pachaka n'koyenera, ndipo nthawi yabwino ndi Ogasiti kapena Seputembala, kutentha kusanafike pachimake. Paste yabwino imatha zaka zingapo. Makina a kaunjika ndi bwino kuwatsegula mukangogula, chifukwa simudziwa kuti akhala zaka zingati osatsegulidwa.

## Akati "titenthetsa chip"

Timfundo tija tikaduka, sikirini n'kuda, okonza ena amakuuzani kuti atenthetsa chip. Amatenga heat gun, amawotcha chip ya zithunzi kwa mphindi zingapo, ikazizira makina amayaka. Mumalipira mosangalala. Chimene chachitika n'chakuti moto wasuntha zinthu pang'ono, mbali zoduka zija zagundananso. Mng'alu ukadalipo, ndipo nthawi zambiri umakhala mkati mwa chip momwe, pomwe heat gun siingakonze. Pakapita masabata kapena miyezi yochepa sikirini imadanso, ndipo ulendo wachiwiri siikhalitsa ngati woyamba. Ngati mukufuna kungopulumutsa mafayilo kapena kumaliza ntchito imene yatsala, njirayi ili ndi phindu lake, ndipo wokonza wachilungamo amakuuziranitu zimenezi. Amene ndimakangana nawo ndi aja otenthetsa chip Lachisanu n'kukagulitsa makinawo Loweruka.

Choncho pogula laputopu yogwiritsidwapo kale, sindikhutira ndi kuona kuti yayaka. Ndimapita ndi fulashi yanga muli HWMonitor ndi vidiyo yolemera. Ndimayang'ana manambala isanayambe ntchito, kenako ndimaipanikiza kwa mphindi 20 ndikuona ngati liwiro likugwa, dzanja lili potulukira mphepo. Ndimaitembenuza kuona ngati pulasitiki ya pansi yasintha mtundu kapena kupindika cha pamene pali purosesa, ndiponso ngati touchpad yatukuka. Wogulitsa akati alibe nthawi yodikira mphindi 20, ndimabweza ndalama m'thumba n'kulowa shopu yotsatira.